Ngalawa za matanga pa Ilha de Moçambique kumapeto kwa chilimwe

Munthu wochokera ku Malawi amene akufuna kuona nyanja yamchere popanda kukwera ndege angathe kutulukira pa chipata cha Chiponde, n'kudzera ku Cuamba ndi ku Nampula, kenaka n'kutsetsereka mtunda wa makilomita pafupifupi 180 mpaka kukafika pa mlatho wopita ku Ilha de Moçambique, chilumba cha kumpoto kwa Mozambique. Mlathowo unamangidwa m'zaka za m'ma 1960, ndi wautali makilomita oposa 3, ndipo ndi wopapatiza kwambiri moti galimoto ziwiri zimapatukirana pa malo owerengeka okha amene anawakulitsa dala. Ine ndinawoloka mlathowo kumapeto kwa Okutobala, chilimwe chili pafupi kutha, mitambo itayamba kusonkhana cha kumtunda koma mvula isanagwe. Alendo ambiri amapita kumeneko kukaona nyumba zakale za miyala zimene zinachititsa kuti bungwe la UNESCO liike chilumbachi pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa m'chaka cha 1991. Chimene chinandikoka ine chinali ngalawa za matanga, zimene anthu ambiri amazitchula kuti dhow, popeza kwathu ndinali nditaziona patali chabe pakati pa Likoma ndi Cobue, ndipo ndinkafuna kukhala tsiku lathunthu ndikuziyang'ana zili pa ntchito.

Chilumbacho ndi chaching'ono, chotalika makilomita pafupifupi 3, ndipo m'malo ena munthu akaima pakati pa msewu amaona madzi mbali zonse ziwiri. Ndinasankha kukhala kumpoto kwenikweni, pafupi ndi linga la São Sebastião, chifukwa pamenepo maso amafika kutali. Kumadzulo kuli madzi abata olowera ku Mossuril, kutsidya kukuoneka migwalangwa ndi mitengo ya kokonati ya ku Cabaceira, ndipo kum'mawa kuli nyanja yaikulu ndi kachilumba ka Goa kamene kali ndi nsanja younikira zombo. Tsikulo kunacha kofunda, mpweya uli wolemera ndi chinyezi, ndipo pofika 8 koloko miyala ya lingalo inali itatentha kale.

Chinthu choyamba chimene mwana wa kunyanja ya Malawi ayenera kuphunzira akafika kuno ndi chakuti madzi sakhala malo amodzi. Kwathu nyanja imakwera ndi kutsika pang'onopang'ono malinga ndi mvula ya chaka, koma kuno imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kusiyana kwake kumafika mamita angapo, makamaka mwezi ukangooneka kumene kapena ukakhala wathunthu. Kuchokera pamene madzi adzaza kufika pamene aphwa pamadutsa maola 6 ndi mphindi zochepa, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerapo ndi mphindi pafupifupi 50. Ndiye kuti mwini ngalawa sanganene kuti adzanyamuka nthawi yofanana mawa ndi mkuja. M'mawa umenewo ndinapeza ngalawa zingapo zitagona chammbali pamchenga, nangula ali poyera, pamene amayi ovala nsalu zowala, ena atadzola ufa woyera wa musiro kumaso, anali atalowa kutali m'malo amene madzi anachoka, akutola nkhono ndi tinyama tina ta m'zigoba. Eni ngalawazo anali phee pamthunzi, ena akusoka maukonde, ndipo panalibe amene ankaoneka kuti wachedwa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi atayamba kubwerera, ngalawa zinadzuka imodziimodzi, ndipo anthu amene ndinkawayesa ongokhala anaimirira nthawi imodzi, aliyense akudziwa chingwe chake.

Mphepo nayo ili ndi ndondomeko yake ya tsiku ndi ya chaka. Usiku nthaka imazizira msanga kuposa madzi, kotero m'bandakucha kamphepo kamachokera kumtunda kulowera kunyanja, ndipo asodzi amatuluka nako. Masana nthaka ikatentha, mpweya wotentha umakwera, wozizirirapo wa panyanja n'kulowa m'malo mwake, ndipo mphepo imeneyi ndi imene imawabweza kugombe. Pamwamba pa zimenezi pali mphepo zikuluzikulu za nyengo: kuyambira cha mu Epulo mpaka Seputembala imaomba yochokera kummwera, imene ife timaidziwa bwino chifukwa ndi nyengo yomweyo imene mwera umavutitsa asodzi a kwathu, ndipo kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi imatembenuka n'kumachokera kumpoto. Kutembenuka kumeneku ndi kumene kunkalola amalonda a ku Arabia ndi ku India kubwera ndi mphepo imodzi n'kubwerera kwawo ndi inzake. Okutobala ali pakati pa nyengo ziwirizi. Yakummwera imakhala itafooka, yakumpoto isanakhazikike, ndipo n'chifukwa chake masiku amenewa ndi abwino kwa woonerera, popeza nyanja siikhala yaukali ndipo amalinyero amakweza thanga lonse osalipinda.

Thangalo ndi limene ndinathera nalo nthawi yaitali. Limaoneka la ngodya zitatu, ngakhale kuti ambiri mwa matangawa ali ndi kambali kakafupi kutsogolo, ndipo mbali yake ya m'mwamba imamangiriridwa ku mtengo wautali wopendekeka umene nthawi zambiri umalingana ndi ngalawa yeniyeniyo kapena kuiposa. Mtengo umodzi wautali chotero, wowongoka ndiponso wopepuka, ndi wovuta kuupeza, choncho amalumikiza mitengo iwiri kapena itatu n'kuikulunga ndi zingwe molimba. Mlongoti ndi waufupi ndipo umapendekera kutsogolo pang'ono. Pokweza thanga, amuna atatu kapena anayi amagwira chingwe chimodzi n'kumakoka pamodzi motsatira mawu a mmodzi wa iwo, mtengo uja n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka nsonga yake italoza kumwamba kutali kuposa mlongoti. Akamasula tizingwe timene tinamanga nsaluyo, thanga limagwa, limakupiza kawiri kapena katatu, kenaka limadzaza, ndipo ngalawa yolemera imene inkaoneka kuti singasunthe imayamba kung'amba madzi popanda phokoso lina kupatula kulira kwa zingwe ndi matabwa. Matanga ena anali a nsalu yoyera yolimba, ena anali osokedwa kuchokera ku zidutswa za matumba ndi malona, zigamba zili mbali zonse, koma pamadzi onse ankagwira mphepo mofanana.

Luso lenileni limaoneka pokhota. Ngalawa singalunjike kumene mphepo ikuchokera, kotero imayenda mopingasa, uku kenaka uko, ndipo nthawi iliyonse ikasintha mbali, thanga ndi mtengo wake wautali uja ziyenera kusamukira mbali ina ya mlongoti. Ndinaonerera ngalawa ina yonyamula nkhuni ikuchita zimenezi pafupi kwambiri ndi pamene ndinakhala. Woyendetsa, bambo wachikulire amene anakhala kumbuyo atagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, anayamba watembenuza ngalawa kuti mphepo ibwere kumbuyo kwake. Atatero anamasula chingwe cha kumunsi kwa thanga, nsalu yonse n'kuulukira kutsogolo. Anyamata awiri anakoka nsonga ya kumunsi ya mtengo uja mpaka unaimirira pafupi ndi mlongoti, n'kuukankhira mbali inayo, pamene wachitatu anathamanga ndi chingwe kuzungulira kutsogolo kwa ngalawa, akuponda pamwamba pa mitolo ya nkhuni, n'kukachipereka kumbuyo. Zonsezi zinachitika m'kanthawi kochepa, ndipo wachikulire uja sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Munthu mmodzi akachedwa pa ntchito imeneyi, mphepo ingathe kukanikizira thanga pa mlongoti kapena kupendeketsa ngalawa mpaka madzi kulowa, ndipo ndikukhulupirira kuti n'chifukwa chake anyamata amayamba ntchitoyi ali aang'ono, poyamba akungokapa madzi ndi chigubu chodula, maso ali pa akuluakulu.

Ngalawa zimenezi zilibe msana wakuya pansi pake, chifukwa ziyenera kuyenda m'madzi osaya ndi kugona pamchenga madzi akaphwa. Chimene chimaziteteza kuti zisagubuduke ndi kulemera kwa katundu, matumba a mchenga amene amasunthidwa kupita mbali imene mphepo ikuchokera, ndi matupi a anthu omwe. Mphepo ya masana itakula, ndinaona amalinyero atakhala m'mphepete mwenimweni, misana ili kunja pamwamba pa madzi, ndipo okwera nawonso ankauzidwa kusuntha ngalawa ikakhota. M'ngalawa yotere wokwera aliyense ali ndi gawo pa ulendo, ngakhale mayi amene wangokhala ndi dengu lake la chinangwa.

Wina angafunse chifukwa chake ngalawazi zikadalipo pamene mlatho ulipo. Yankho linkaoneka pa katundu amene ankatsitsidwa kugombe la kumadzulo: nkhuni, makala, mitolo ya masamba ofolerera nyumba, kokonati, chinangwa chouma, nkhuku, njinga, ndi anthu obwera kumsika kapena kuchipatala. Mlatho umatulukira cha ku Lumbo, koma munthu wa ku Cabaceira kapena wa m'midzi ina ya boma la Mossuril akati adzere pamsewu ayenera kuzungulira mtunda wautali ndi kulipira galimoto, pamene pamadzi chilumba chili pamaso pake. Mafuta a injini ndi okwera mtengo, injiniyo ikawonongeka imafuna zipangizo zochokera ku Nampula kapena ku Nacala, koma thanga likang'ambika limasokedwa madzulo omwewo ndi singano ndi ulusi. Ngalawazi zikuyendabe chifukwa zikugwirizana ndi thumba la anthu ake, ndipo zimenezi ndinaziona kukhala zolemekezeka kuposa ngalawa zosungidwa kuti alendo azijambula.

Dzuwa litafika pamutu ndinachoka pa linga n'kuyenda chakummwera, kudutsa nyumba za miyala mpaka kufika ku dera la Macuti, kumene kumakhala anthu ambiri a pachilumbachi m'nyumba zothithikana zimene zina zili m'munsi mwa msewu, m'maenje amene kale ankakumbamo miyala yomangira tauni ya Apwitikizi. M'mphepete mwa madzi ndinapeza amisiri akukonza ngalawa imene anaitsamiritsa pa zipika. Panalibe pepala kapena chojambula chilichonse. Mmisiri wamkulu ankayang'ana thabwa, n'kuyang'ana malo amene likalowe, kenaka n'kuyamba kulisema ndi kasemasema wofanana ndi amene amisiri a kwathu amasemera mtondo, ndipo akaliyesa linkakhala pang'ono kukwana, n'kulisemanso pang'ono. Nthiti za m'kati amazisankha ku mitengo imene inakula yokhota kale, chifukwa mtengo wokhota mwachibadwa ndi wolimba kuposa wochita kudulidwa mokhota. M'mipata ya pakati pa matabwa ankakhomeramo thonje loviikidwa m'mafuta pogwiritsa ntchito chitsulo chophwatalala ndi nyundo yamtengo, ndipo madzi akalowa matabwa amafufuma n'kutseka mipata yotsala. Ndinawapatsa moni m'Chipwitikizi changa chochepa, iwo n'kundiyankha mwaulemu n'kundilozera chipika choti ndikhalepo. Pamene ankayankhulana okhaokha m'Chimakhuwa cha m'mphepete mwa nyanja, ndinkatolamo mawu apa ndi apo ofanana ndi Chilomwe chimene agogo anga a ku Phalombe ankayankhula, ndipo zimenezi zinandikumbutsa kuti dera limeneli si lachilendo kwa ife monga mmene mapu amationetsera.

Ngalawa za kuno zasintha m'zaka mazanamazana zimene zadutsa, ngakhale kuti anthu amakonda kunena kuti zili monga zinalili kalekale. Vasco da Gama atafika pachilumbachi mu Malichi 1498 anapeza zombo za amalonda achisilamu zili padoko, ndipo mmodzi mwa anthu a paulendo wake analemba kuti zinalibe misomali, matabwa ake anali osokedwa ndi zingwe, matanga ake anali olukidwa ndi masamba a migwalangwa ngati mphasa, koma oyendetsa ake anali ndi kampasi ndi mapu a panyanja. Lero matabwa amakhomedwa ndi misomali yachitsulo, zingwe zambiri ndi za nayiloni, ndipo ngalawa zina zili ndi injini yaing'ono kumbuyo yothandiza mphepo ikaleka. Apwitikizi anamanga kachalichi kakang'ono ka Nossa Senhora de Baluarte mu 1522 pa nsonga yomweyo imene ndinakhala m'mawa, anayamba kumanga linga mu 1558, ndipo lingalo linapirira pamene Adatchi analizinga mu 1607 ndi 1608. Chilumbachi chinakhala likulu la dziko lawo la kuno mpaka 1898, pamene likulu linasamukira ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo. Zombo zikuluzikulu za nthawi imeneyo zinatha, sitima zamakono zimakocheza ku Nacala kumene madzi ndi akuya, koma tingalawa ta anthu wamba tikadali pa njira zake zomwe zija.

Mbiri imeneyi imatikhudza ife a kumtunda, ndipo sindikanatha kuyang'ana matanga oyerawo osaikumbukira. Minyanga ya njovu yochokera m'dziko la Amaravi, ndipo pambuyo pake yonyamulidwa ndi amalonda achiyao, inkafika ku Mossuril, kutsidya kwa madzi amene ndinkayang'anawo, n'kuwolotsedwa pa ngalawa kubwera pachilumba. Malonda a minyanga atasanduka malonda a anthu, njira zomwezo zinadutsa amuna, akazi ndi ana omangidwa. Mu Disembala 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José chinanyamuka pano ndi akapolo mazanamazana kupita ku Brazil, n'kusweka pafupi ndi Cape Town, ndipo anthu oposa 200 anamira, opulumuka n'kugulitsidwa komweko. M'zaka za m'ma 1800, malonda amenewa ataletsedwa pa malamulo, ngalawa za matanga zinkazembetsa anthu kuchokera m'mitsinje ya m'gombe lino kupita ku Comoros ndi ku Madagascar. Kwathu nakonso, a Jumbe a ku Nkhotakota anali ndi ngalawa za mtundu womwewu zowolotsera akapolo kutsidya la kum'mawa kwa nyanja kuti ayambe ulendo wapansi wopita ku Kilwa, doko la m'gombe la Tanzania ya lero, ndipo David Livingstone atafika kumeneko mu 1863 anapeza amisiri akukhoma ina yatsopano. Pachilumbachi pali munda wa chikumbutso cha anthu amene anatengedwa ukapolo, pafupi ndi madzi, ndipo ndinaimamo kanthawi ndisanabwerere kugombe. Sindiimba mlandu ngalawa kapena asodzi a lero, amene ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu a mitundu yomwe inkasakidwayo. Koma ndikuona kuti Mmalawi amene wafika pano ayenera kudziwa kuti abale ake ena anaona matanga otere komaliza ali m'kati mwa ngalawa, atamangidwa.

Cha m'ma 3 koloko mphepo ya panyanja inali itakhazikika, ndipo asodzi anayamba kubwerera. Poyamba kunkaoneka timadontho toyera kuseri kwa Goa, kenaka timadonthoto tinakula n'kukhala matanga, ambiri ndithu, ena otsogola ena otsalira, onse atapendekera mbali imodzi. Pobwera ndi mphepo kumbuyo ngalawazi zimathamanga modabwitsa, ndipo zinali zoonekeratu kuti ena akupikisana, chifukwa wofika msanga ndi amene amapeza ogula asanagule kwa ena. Zikayandikira gombe, thanga limatsitsidwa mwadzidzidzi, ngalawa n'kupitirira yokha ndi liwiro lotsala mpaka kukhudza mchenga, ndipo kuyeza mtunda umenewu molondola, osagunda anzako ndiponso osaima patali, ndi luso lina limene ndinalisirira. Ogula ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno atanyamula mabeseni. Munali nsomba za mitundu imene sindinaionepo, zofiira, zabuluu, zamizeremizere, pamodzi ndi nyama za m'nyanja za miyendo isanu ndi itatu, zotchedwa okutopasi, zimene anthu a kuno amazikonda kwambiri. Ngalawa zina zinabwera ndi nsomba zochepa zedi poyerekeza ndi chiwerengero cha amuna amene anali m'katimo, ndipo pogawana aliyense ankatenga kamulu kongokwana ndiwo za tsiku limenelo.

Kukongola kwa zimene ndinaonazi sikuyenera kubisa kuopsa kwake. M'ngalawa zonse zimene zinadutsa pamaso panga, zovala zoyandamitsa munthu pamadzi ndinaziona m'zonyamula alendo zokha. Pa 7 Epulo 2024 boti la asodzi limene linanyamula anthu pafupifupi 130 kuchokera ku Lunga, m'boma la Mossuril, linamira likubwera pachilumba chino, ndipo anthu pafupifupi 100 anafa, ambiri mwa iwo ana. Akuluakulu a boma ananena kuti botilo linadzaza mopyola muyeso, silinali lololedwa kunyamula anthu, ndipo okwerawo ankathawa kwawo chifukwa cha mphekesera zokhudza matenda a kolera. Ife a ku Malawi nkhani zotere timazidziwa, chifukwa mabwato ndi maboti odzaza mopitirira atimalizira abale pa nyanja yathu ndi pa mitsinje ya Shire ndi Rusa. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi alendo amene amadandaula akaona injini itapachikidwa kumbuyo kwa ngalawa ya matanga, ngati kuti yawononga chithunzi. Injini imeneyo ndi imene imafikitsa wodwala kuchipatala mphepo ikaleka, ndipo mwini wake akaisunga kuti aigwiritse ntchito pa nthawi yofunika, masiku ena onse n'kumayendera thanga, wachita mwanzeru. Chimene ndingakonde kuona ndi malire a chiwerengero cha okwera otsatiridwa pa doko lililonse, ndi zovala zoyandamitsa zotsika mtengo zoti mwini ngalawa wamba angakwanitse kugula.

Amisiri amene ndinawapeza ku Macuti ankafulumira ndi ntchito yawo pa chifukwa chomveka. Mvula ikayamba, nyengo ya anamondwe imakhala yayandikira, ndipo gombe limeneli ndi limodzi mwa malo amene anamondwe ochokera m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar amafikira. Namondwe wa Gombe, amene mvula yake inavutitsanso maboma a kummwera kwa Malawi, anatulukira kumtunda m'boma la Mossuril mu Malichi 2022, ndipo anagwetsa nyumba ndi kuphwanya ngalawa zambiri m'dera lonseli. Kuyambira Disembala mpaka Malichi eni ngalawa amatchera khutu ku wailesi ndi ku mauthenga a pafoni, ndipo chenjezo likamveka amakokera ngalawa kumtunda kapena kukazibisa m'timitsinje ta pakati pa mitengo yomera m'madzi amchere, atatsitsa mlongoti ndi kuchotsa thanga. Ngalawa imene yalowa m'nyengo imeneyo ili ndi thabwa lofumbwa kapena mipata yosatsekedwa bwino imakhala pa chiopsezo chosafika mwezi wa Epulo.